Mayi a Nsimbi ndi Lamulo la Masiku Atatu

Bambo Mfumu atandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu Mayi a Nsimbi m'kalata yathu ya parishi, ndinayamba ndakana. Ine ndine wometa tsitsi, luso langa lili pa lumo ndi pakamwa, cholembera chimanditerera m'manja. Koma anandikumbutsa kuti shopu yanga yagundana khoma ndi malo awo ochapira zovala kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndiye zimene sindinaone ndi maso ndinazimvera pakhoma. Apo ndinagonja, zomwe kwa ine sizichitikachitika, n'kutola cholembera.

Alendo ankayesa kuti Nsimbi ndi dzina la mwana wawo wachisamba. Ayi, inali nsimbi yeniyeni yositira, yamakala ija, imene anayamba nayo ntchito. Wina akalakwitsa choncho iwo ankangoseka. "Msiyeni atero," ankatero, "nsimbiyo yandisamala ngati mwana wobereka ndekha."

Anabadwa oyamba m'banja la ana anayi, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Bambo awo anali mlonda, mayi awo ankachapira anthu zovala. Mwana womaliza m'nyumbamo, mlongo wawo, anabadwa wosiyana ndi anzake. Anafika zaka zisanu ndi chimodzi asanatulutse mawu, sankayang'ana munthu kumaso, ndipo ankaswera pakhonde kundandalika zitsekerero za mabotolo, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Belu la tchalitchi likalira ankatseka makutu n'kumalira ngati wamenyedwa. Masiku ano madokotala ali nalo dzina la zimenezi, amati otizimu. Nthawi imeneyo anthu ankangoti ndi chitsiru, ena n'kumati ndi mwano wa mwana wosalangidwa.

Tsono Misa zonse za ubwana wawo mayiwa anazimvera panja. Ankakhala pansi pa windo la kumbali, mlongo wawoyo ali pamwendo, chifukwa nyimbo zikamamveka chapatali mwanayo ankadekha. Anandiuza kuti pemphero la Atate Athu analiphunzirira pawindo pomwepo. "Mulungu amamveka ngakhale panja," ankatero, "bola pakhale wina wokhala nawe."

Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zitatu kuti azithandiza mayi awo pa beseni. Mlongo uja atakwanitsa zaka makumi awiri, anamupezera ntchito yolongedza katundu m'golosale ina, ndipo anagwira miyezi isanu ndi itatu osasokoneza ngakhale chitini chimodzi. Ndiye Loweruka lina eni golosale anasintha mashelefu onse osamuuza. Lolemba atalowa n'kupeza sopo ali pamalo a shuga, anakhala pansi pakati pa ogula, manja kumakutu, akukuwa. Anamuchotsa tsiku lomwelo. Sanatulukenso kukafuna ntchito kwina, ndipo anamwalira patapita zaka khumi, zonsezo atazithera pakhonde. Nkhani imeneyi mayiwa sankaikamba kawirikawiri, koma akaikamba ankaimaliza ndi mawu amodzimodzi: "Akanangomuuziratu."

Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, munthu wofatsa, amene Mulungu anamuitana msanga n'kuwasiyira mwana mmodzi wamwamuna. Anamulera ndi mabeseni awiri ndi nsimbi ija. Pang'onopang'ono anapeza chipinda mumsewu wathu uno, kenako makina ochapira, kenako antchito atatu. M'mawa uliwonse ankayamba ndi Misa, korona yopempherera ili m'thumba la epuloni, ndipo nsalu za paguwa ankazichapa okha osafuna kuthokozedwa. Wina akawayamikira pagulu ankayang'ana pansi ngati agwidwa akuba.

Tsiku lina kunabwera mayi wina ataperekeza mlongo wake, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu, amene anali atachotsedwa ntchito malo anayi. Ine ndinali pakhomo, lumo lili m'manja, makutu ali kwa aneba. Bamboyo sanapereke moni. Anayang'ana paphewa pa Mayi a Nsimbi n'kunena kuti, "Kolala ya bulauzi yanu mwaisita mokhota."

Mlongo wake uja anagwira pakamwa ndi manyazi. Mayiwa anaseka mpaka misozi.

"Zaka makumi atatu ndikusita, lero ndapeza aphunzitsi," anatero. "Bambo, mubwere Lolemba seveni koloko. Tebulo lanu ndi ilo la pakona, palibe wina adzalikhudze."

Anabweradi seveni koloko ndendende, osapitirira kapena kuperewera mphindi, ndipo msewu wonse unawapatsa dzina loti a Ndendende. Eni ake analikonda, ankati n'loona.

Sabata lomwelo mayiwa anakhoma bolodi lakuda pafupi ndi chitseko n'kuika lamulo limene tonse tinaliloweza: chilichonse chosintha pamalopo chilembedwe pabolodi kutatsala masiku atatu. Sopo watsopano, masiku atatu. Wantchito kupita kutchuthi, masiku atatu. Ngakhale kupenta chitseko, masiku atatu. A Ndendende akafika ankaima pabolodi, n'kuwerenga masiku ndi zala, n'kunena kuti "Chabwino," basi ntchito yayamba. Malaya ositidwa ndi iwo unkachita mantha kuwavala, kuopa kuwononga mizere.

Apa ndiulule tchimo langa. Wailesi yanga inkalira kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo khoma lathu n'lopyapyala. Mayiwa anabwera kudzandipempha kuti nditsitseko, poti phokoso linkawapweteka a Ndendende ngati singano m'khutu. Ndinayankha zamwano, ndinati kometera tsitsi si kumanda. Sanakwiye. Mawa lake anabwera ndi matawulo anga onse, atawachapa n'kuwasita, n'kupemphanso ndi mawu omwe aja. Anatero masiku asanu ndi limodzi. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri manyazi anandigwira, wailesi ndinaisamutsira khoma linalo, ndipo ili komweko mpaka lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinali nkhonoyo.

Mayesero sanalephere kubwera. A Ndendende sadziwa kukometsa mawu. Mayi wina wolemekezeka, amene sindimutchula poti awerenga kalata ino, anadandaula kuti diresi lake silinayere. A Ndendende analiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Si litsiro ili, ndi ukalamba." Mayiyo anachoka, n'kutenganso anzake anayi. Mayi a Nsimbi anapita kwawo kukapepesa chifukwa cha mawuwo, koma atauzidwa kuti amuchotse munthuyo anakana mwaulemu. "Ndimuphunzitsa kuyankhula ndi makasitomala, inu mundiphunzitse kuchapa ukalamba," anatero. Pambuyo pake analemba timawu tinayi papepala, tonena kwa kasitomala wodandaula, ndipo a Ndendende anatiloweza ngati katekisimu.

Amalonda a mumsewu muno titawasankha kukhala wapampando wa komiti yathu, tinkayembekezera nkhani za zinyalala ndi magetsi. Zimenezo anazigwiradi, koma msonkhano uliwonse ankautseka ndi funso limodzi: "Ndani ali ndi kona imodzi ndi choko, alembe ntchito munthu ngati a Ndendende?" Ankayenda shopu ndi shopu, osalalikira, kumangofunsa ntchito imene eni ake imawatopetsa. Wophika buledi anatenga mayi wina wovutika kuwerenga zilembo koma wosaiwala muyezo. Wamatayala anatenga bambo wosatha kukhala pansi mphindi zisanu, amene tsopano amathamangitsa ntchito mpaka bwana kupempha kupuma. Lero mumsewu muno muli anthu asanu ndi anayi otere, ndi mabolodi asanu ndi anayi. "Mulungu sanaumbe mitu yathu m'chikombole chimodzi ngati njerwa," ankatero, "ndiye ife tikufuniranji kuti ntchito igwiridwe mwa njira imodzi?"

Ukalamba utafika, miyendo itayamba kutupa, makiyi anawapereka kwa mwana wawo uja. Tinkamutchula kuti Bwana Wamng'ono ngakhale imvi zitayamba kumera, ndipo ndimazidziwa poti ndimazimeta ndine. Ndi munthu wabwino, wophunzira, koma wothamanga magazi. Bolodi ankaliona ngati chidole cha mayi ake. Atagula makina atsopano aakulu, Loweruka lina madzulo anakankha tebulo la pakona lija kuti aone ngati makinawo angakwane, n'kulisiya pakati pa chipinda.

Lolemba ndinamva kukuwa kudzera pakhoma. Ndinathamanga, kasitomala ndinamusiya mutu theka. A Ndendende, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, anali pansi, manja kumakutu, akugwedezeka uku ndi uku, anthu ataunjikana pakhomo. Bwana Wamng'ono nkhope inali itagwa ndi manyazi.

"Izi sindingazikwanitse," anandiuza. "Mwezi ukatha apume. Ano ndi malo antchito, si chipatala."

Mayi a Nsimbi anafika masana, akutsimphina ndi ndodo, atanyamula kachitini kadzimbiri. Sanakalipe. Anapempha mwana wawo kuti abwezere tebulo ndi manja ake, kenako anakhuthula kachitini kaja patebulopo. Munali zitsekerero za mabotolo, zofiira ndi zobiriwira.

"Izi n'za amalume ako," anatero. "Unkawadziwa ngati munthu wa pakhonde. Sunadziwe kuti anagwirapo ntchito, ndipo ankaitha. Anawasunthira shelefu Loweruka, mwanangu, ngati mmene wachitira iwemu."

Anamufotokozera zonse. Bwana Wamng'ono anamvetsera mutu uli pansi, koma pamapeto anangoti, "Ndamva, amayi. Tiona." Mwezi unatha a Ndendende akadali pantchito, koma tonse tinkadziwa kuti chikuwasunga ndi mpweya wa mayiwa. Makina atsopano aja anangokhala pakhonde atakutidwa ndi pulasitiki, kudikira. Ine mtima unali m'mwamba, ndipo sindibisa, ndinkapempherera moyo wa mayiwa ndi zolinga ziwiri.

Dokotala atawauza kuti mtima wawo watopa, chinthu choyamba chimene anachita chinali kutenga choko. Pamwamba penipeni pa bolodi analemba mizere iwiri yakuti: "Tsiku lina Mayi sadzabweranso. Ntchito idzakhalapo." A Ndendende anawerenga n'kufunsa kuti, "Liti?"

"Mwini masiku sanandiuze, bambo. Ndangoti ndikuuzirenitu."

Bwana Wamng'ono anauwerenga mzere wachiwiri uja, umene iye anali asanauvomereze. Sanaufufute.

Kuchokera pamenepo mayiwa anayamba kudzichotsa pang'onopang'ono, kuti kusowa kwawo kuzolowereke. Anayamba kujomba Lachitatu, atalemberatu pabolodi. Kenako Lachitatu ndi Lachisanu. Kenako anachotsa mpando wawo, nawonso utalengezedwa kutatsala masiku atatu. Ndinawafunsa ngati sizikuwawawa kukonzekera imfa yawo ndi choko. Anati, "Achimwene, Ambuye nawonso anawauziratu ophunzira awo katatu konse. Ine ndingapose iwo?"

Anamwalira Lachinayi masana ali pabedi pawo, atalandira sakramenti la kudzoza odwala, korona ili m'manja, mwana wawo atawagwira phazi. Amene analipo akuti anangopuma mozama kamodzi ngati munthu amene wamaliza mulu wa zovala. Pa Misa ya maliro tchalitchi chinadzaza, nyimbo zinali zamphamvu, ndipo a Ndendende sanathe kulowa. Anaima panja pansi pa windo la kumbali. Ndinatuluka n'kukaima nawo, ndipo ndinalira kwambiri kuposa mmene ndinalirira pa maliro a mayi anga ondibereka.

Lolemba lotsatira ndinatsegula shopu molawirira, osati chifukwa cha makasitomala. Seveni koloko ndendende a Ndendende anali pakhomo la malo ochapira, chitseko chili chotseka. Patapita mphindi khumi Bwana Wamng'ono anatulukira ndi makiyi, maso ali ofiira.

"Mwachedwa," anatero a Ndendende.

"Ndachedwadi, bambo. Pepani."

Atalowa, a Ndendende anaima pabolodi. Panalibe china koma mizere iwiri ya malemu ija.

"Sanandiuze tsiku," anatero.

"Nanenso sanandiuze," anayankha Bwana Wamng'ono.

Kenako Bwana Wamng'ono anatola choko, anafufuta mzere woyamba ndi chikhatho n'kusiya wachiwiri. Pansi pake analemba kuti: "Lachinayi tidzalowetsa makina atsopano. Tebulo lidzapita pawindo. Tidzalinyamula awiri."

A Ndendende anawerenga ndi zala. "Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Chabwino." Anavala epuloni, n'kuyang'ananso bolodi lija. "Koma mwalemba mokhota."

Bwana Wamng'ono anaseka uku misozi ikutsika, ine n'kuthawira kushopu kwanga kukafwenthera m'tawulo la kasitomala.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Tebulo lili pawindo, makina akugwira ntchito, ndipo mzere wa malemu uja Bwana Wamng'ono anaulembanso ndi penti kuti usafufutike. Lamulungu likudzali mukagwada, muyang'ane nsalu ya paguwa. Mizere yowongoka ija ndi ya a Ndendende, ndipo amene amaibweretsa kutchalitchi atainyamula m'manja awiri ndi Bwana Wamng'ono.

Ambuye amene amayiwa anayamba kuwamvera ali panja pa windo, awalowetse tsopano m'kati mwa nyumba yawo, akakhale pamodzi ndi mlongo wawo uja mumtendere wosatha. Ife otsala, choko sichidula, aliyense agule chake.