Thovu la Sitima Yoima

Inu owerenga, ndinaipitsa dzina langa ndi manja anga omwe, chifukwa chofuna kubwezera mnzanga pa nkhani ya gemu. Sekani ngati mukufuna, koma mundimvere.

Kwathu ndi ku Bwanje. Kulima mpunga kunandikanika, ndiye ndinaphunzira kukonza mafoni ndi malaputopu. Malo ogwirira ntchito anandipatsa ndi mnzanga Yusufu, pakhonde pa golosale yake pa Sharpevale. Loweruka masana tinkalumikiza malaputopu athu n'kumasewera gemu ya nkhondo ya sitima zapansi pa madzi, anthu atatiunjirira.

Gemu imeneyi imafuna kudekha. Kumbuyo kwa sitima kuli chopalasira chozungulira ngati fani. Ukathamanga kwambiri chimatulutsa thovu, thovulo limachita phokoso, mdani n'kukumva n'kukuphulitsa. Yusufu ankayenda mwakachetechete. Ine ndi phuma langali ndinkangoponda moto, ndipo sabata iliyonse ndinkamira.

Kugonjako ndikanapirira. Chinandiwawa ndi dzina. Tsiku lina Yusufu atamva sitima yanga ili kutali anakuwa kuti, “Tamverani anthuni, chigayo chalira!” Anthu anafa nalo phwete. Pofika Lolemba ndinali Chigayo msika wonse. Akabaza, amayi a tomato, ngakhale mtsikana amene ndinkamufuna, onse Chigayo. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinalumbira kuti munthu ameneyu adzandidziwa.

Mwayi unabwera wokha. Mabatani a laputopu yake anasiya kugwira, iye n'kundisiyira osakayika chilichonse. Ndinakonza mabataniwo, kenako ndinatsegula mafayilo a gemu ija. M'menemo muli nambala yonena liwiro limene thovu liyambire. Ndikanangoitsitsa pang'ono, mwina mpaka lero sakanadziwa. Koma mkwiyo sudziwa muyeso. Ndinalembapo ziro, kuti akangosuntha amveke ngati chigayo chenichenicho.

Loweruka limenelo ndinaitana anthu ndekha. Ndinamumiza koyamba, kachiwiri, kachitatu. Sindikunamizani, ndinamva kukoma. Ndinaimirira n'kumufunsa mokweza kuti chigayo ndani tsopano. Ndinkafuna aone manyazi amene ndinawasenza miyezi yonse ija.

Ulendo wachinayi Yusufu anachita zimene sindinaziganizire. Anaimitsa sitima yake, osaisuntha n'komwe, n'kupinda manja. Chizindikiro cha thovu pa sikilini yake chinali chikuyakabe. Anatembenuza laputopuyo kuti aliyense aone, n'kundifunsa motsitsa mawu:

“Achimwene, sitima yoima ikuchita bwanji thovu? Makinawa wawagwirapo ndi inu nokha.”

Ndikuganiza zoti ndiname, mayi wina amene anabwera kudzatenga foni yake anati, “Ngati mnzake wamuchita chonchi, nanga m'mafoni mwathumu amachitamo zotani?” Anatenga foni yake ili yosakonza n'kumapita.

Mawu amenewo anayenda kuposa dzina lija. Pa Sharpevale mpaka kwathu ku Bwanje inamveka yoti ndimalowa m'mafoni mwa anthu n'kumasintha zinthu. Ena anawonjezera zoti ndimawerenga mauthenga a akazi a eni. Sindinachitepo zimenezo, koma ndikanakana ndi pakamwa pati? Mmisiri wa mafoni amadya chifukwa anthu amamukhulupirira, ndipo ine chikhulupiriro chimenecho ndinachigulitsa pofuna kumiza sitima yongojambula.

Yusufu sanandithamangitse pakhonde paja. Ndinakhalapo masabata atatu popanda wobweretsa ngakhale chaja, mpaka ndinalongedza ndekha. Pano ndili kumunda, ndikupirikitsa mbalame mumpunga womwe ndinkauthawa uja.

Inu owerenga, makamaka amisiri anzanga, chinthu chimene munthu wakusiyirani m'manja si pobwezerapo chipongwe. Mnzanu akakutchulani dzina lokuwawani, muuzeni pamaso kuti zikukupwetekani. Ine sindinamuuzepo Yusufu ngakhale kamodzi, ndipo ndikudziwa kuti akanasiya.

Timakumanabe ndikapita kumsika. Amandipatsa moni mwaulemu, kunditchula dzina langa lenileni ngati mlendo, n'kupitiriza kuyeza shuga. Ndimachokapo ndikulakalaka atangondikuwiranso kuti Chigayo.