Tsiku limene ndinagwetsa kompyuta ya amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mayi anamwalira, ndipo amalume ananditenga kukakhala nawo ku Mbulumbuzi. Iwo ankajambula zithunzi m'maukwati n'kumazisunga mu kompyuta. M'menemo munalinso zithunzi zinayi za mayi, zokhazo zimene tinali nazo, ndipo anali asanazitsuke.

Loweruka lina amalume atachoka, ndinatulutsa katundu panja kuti ndizire m'nyumba, monga tinkachitira kwathu ku Kadewere. Ndinatulutsa mipando, mphasa, ndi chibokosi cha kompyuta chomwe. Pochibweza chinandipulumuka, n'kugwa pakhonde kuti khu! Ndinabwezera mawaya mmene ndinawapezera, osauza munthu.

Amalume atabwera n'kuyatsa, sikirini inangoda bii, ndi timawu tachingerezi pakona. Anazimitsa, anayatsanso, chimodzimodzi. Anakaitana a Makawa, okonza mafoni ndi makompyuta pamsika. A Makawa anadina mabatani, kenako anapukusa mutu.

"Hadi diraivi siikuoneka, achimwene. Ndi imene imasunga zonse."

"Yafa?"

"Magetsi athuwa aiotcha. Pokhapokha ngati chibokosichi chinagwa. Alipo anachigwira?"

"Ndani? Kamanyazi aka? Ngakhale wailesi sakhudza."

Ine ndinali pakhomo, dothi lozirira lili m'zikhadabo. A Makawa ananyamula chikwama chawo.

"Ndikubweretserani ina kuchokera ku Limbe. Iyi ndi yotaya."

"Muli achemwali anga mmenemo," anatero amalume.

A Makawa atagwira njinga m'pamene pakamwa panga panatseguka.

"Ndinachigwetsa ndine."

Amalume anandiyang'ana osaphethira. A Makawa anabwerera, anamasula chibokosi chija, n'kutiwonetsa kawaya kofiira kali lende. Anakalowetsa m'malo mwake, anayatsa, n'kuika khutu pafupi.

"Khalani chete. Ikamagogoda ndiye yapita."

Tinadikira. Kenako kunamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi, sikirini n'kuwala. Amalume anatsegula zithunzi, ndipo mayi anatulukira atavala yunifolomu yawo ya mvano.

Amalume sanandimenye. Anangoti, "Ukanakhala chete, amako tikanawataya kudzala."

Manyazi ndikadali nawo mpaka lero. Koma mwana wanga atadwala mwezi wathawu, adokotala a ku Milepa anandifunsa ngati ndinamumwetsa kanthu kunyumba. Ndinayang'ana pansi, n'kunena zonse, ndi za mizu yomwe. Wokonza chinthu sangalote zimene zinachitika iye kulibe.