Wamtengatenga wa pa Nsalu ya Mgiriki

Emelia anabadwira kwa Ndamera, makolo ake atangowoloka kumene kuchokera ku dziko la Apwitikizi kudzera ku Marka. Anali mkazi wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo akakwiya Chimang'anja chinkamuthawa n'kutsala Chisena chokha. Anakwatiwa ndi Fanuel, msodzi wa m'dambo la Ndindi. Nkhondo ya Ajeremani itakula, Fanuel anagwidwa pamodzi ndi amuna ena kuti akakhale amtengatenga, osenza katundu wa asilikali.

Ena anabwerako, iye ayi. Mnzake wina anangoti, "Tinamusiya m'mbali mwa njira, kamwazi atamufoola. Ankapumabe."

Mawu akuti ankapumabewo ndi amene anamumanga Emelia. Akuchimuna anakana kulira maliro a munthu amene palibe anamuona atafa. Choncho sanali wamasiye, sanalinso wapabanja. Njala ya 1922 itavuta, anapita ku Nsanje, kumene azungu ankati Port Herald, n'kuyamba ganyu yochapa zovala za amalonda.

Chaka chotsatira kunatsika Mgiriki wina pa sitima ya pamtunda yochokera ku Beira, ali ndi bokosi lachitsulo ndi wantchito wake, Francisco, bambo wa imvi wa ku Mutarara. Anabwereka shedi ya thonje, n'kumaonetsamo bayisikopo masana, zitseko zili zotseka, mipata yonse atatsekamo ndi masaka. Zithunzi zinkagwera pa nsalu yaikulu yoyera. Nsaluyo inkada ndi fumbi la thonje, ndiye ankapatsa Emelia kuti azichapa, ndipo Francisco anamulola kulowa ulere.

Mkatimo munkatentha ngati m'ng'anjo. Francisco atayamba kupukusa bokosi, pansalu panatulukira amuna ovala zipewa zachitsulo zokhala ndi tsumba, miyendo ili pamtunda, m'manja muli mikondo ndi zishango zozungulira ngati malichero. Anathamangirana n'kuyamba kubayana. Pakamwa pawo panali yasa, akukuwa, koma mawu osamveka. Chinkamveka ndi kulira kwa bokosi kokha. Amayi ena anathawa n'kusiya mipango yawo.

"Musaope," anatero Francisco mokweza. "Awa ndi makolo a bwana. Anafa kalekale, Yesu asanabadwe."

Emelia sankayang'ana omenyanawo. Kumbuyo kwawo, cha kumphepete kwa nsalu, kunkadutsa munthu wopanda chipewa, wopanda mkondo, atasenza mtolo paphewa. Anayenda pang'ono, bondo linagonja, n'kugwa. Ali pansi anatembenuza nkhope, n'kuyang'ana anthu a m'shedimo. Asilikali ankangomulumpha.

Mawa lake anabweranso, ndipo munthu uja anagwanso pamalo pomwe paja. Mkuja wake chimodzimodzi. Sanali Fanuel, anali mzungu wandevu. Koma Emelia anasiya kudya bwino.

Tsiku lina, akupereka nsalu yochapa, anafunsa, "A Francisco, uja wa mtolo uja, anamuika ndani m'manda?"

"Mayi, zija n'zithunzi chabe. Ndi anthu a masewera."

"Si paja munati anafa kalekale?"

Francisco anangokanda m'mutu. Emelia anapitiriza:

"Mumamudzutsa tsiku ndi tsiku kuti adzagwenso. Lero mukafika pamenepo muime, asanagwe. Apumeko."

"Nkhabe, mayi, sizitheka. Lamba wa zithunzi akaima pamaso pa nyali amapsa."

"Pang'ono pokha, achimwene."

Francisco nayenso anasenzapo katundu wa nkhondo, ndipo mapewa ake anali ndi zipsera. Masana amenewo, munthu wa mtolo atangotulukira, dzanja la Francisco linaima. Nkhondo yonse inauma pansalu, mikondo ili m'malere. Wa mtolo uja anaima chilili, mwendo umodzi uli kutsogolo. Kenaka pachifuwa pake panabooka kadontho koyera, kanakula, kanadya mutu ndi mtolo womwe, mpaka nsalu yonse inangoti mbee. Fungo la chinthu chopserera linadzaza shedi. Mgiriki anavundikira bokosi ndi saka lonyowa, akutukwana m'chinenero chakwawo.

Shedi sinapse. Mgiriki anadula popserera paja n'kulumikiza lambayo, ndipo bayisikopo inapitirira. Asilikali ankabayana monga kale, koma wa mtolo uja sanaonekenso.

"Wapita kuti?" Emelia anafunsa.

"Tinamudula," anatero Francisco, osamuyang'ana kumaso.

Tsiku lina lochapa, Emelia anatenga nsalu ija kupita nayo ku Shire. Ataiviika inalemera monga nsalu yonyowa imalemerera, koma itauma pamchenga sinapepuke. Anaipinda, anaisenza, ndipo khosi linamuwawa ngati wasenza thumba la mapira. Dzuwa linali paliwombo, njira ili zii. Kumbuyo kwake anamva mapazi, oyenda mokoka mwendo. Ataima, nawonso anaima. Kenaka anamva munthu akutulutsa mpweya wautali, monga amachitira amene watula katundu.

Sanacheuke. Anangoti, "Tiyeni, tatsala pang'ono kufika."

Kuyambira tsikulo agalu a pa shedi ankauwa nsaluyo ikamapachikidwa. Francisco anayamba kukana kuipinda yekha. Anthu anachepa, chifukwa mbiri inawanda yakuti m'shedimo, anthu onse atakhala pansi, mumamveka wina akuyendayenda kumbuyo. Mgiriki anaganiza zopita ku Blantyre, ndipo Francisco anamunamiza kuti nsaluyo yadyedwa ndi makoswe, akagula ina kumeneko. Francisco anaipereka kwa Emelia ali pa siteshoni.

"Takhuta," anathokoza Emelia m'Chisena.

Anayenda wapansi mpaka kwa Ndamera, n'kukaitula pakhomo pa amalume ake a Fanuel, a Leonard. Anawafotokozera zonse atagwada. A Leonard anali munthu wa tchalitchi, ndipo anayamba ndi kumudzudzula kuti akubweretsa zachikunja. Kenaka anawerama kuti aichotse pakhomopo. Anainyamula, n'kuibweza pansi msangamsanga.

"Itanani abale," anatero.

Anakulunga thunthu la nthochi m'nsaluyo, monga amachitira munthu akafera kutali, ndipo analira maliro amene anawakana zaka zonse zija. Amuna amene ananyamula chithatha ankasinthana pafupipafupi, ngakhale manda sanali patali. Mmodzi anabwerako phewa litasupuka.

Emelia anametedwa, anamasulidwa, ndipo sanabwererenso ku Nsanje. Anapatsidwa munda kufupi ndi dambo, n'kumalima thonje ndi mbatata. Patapita zaka anakwatiwa ndi bambo wina wosoka mphasa, anabereka ana aakazi awiri. Anthu achilendo akamva nkhaniyi ankabwera kudzamufunsa kuti kodi m'manda muja munalowa ndani, Fanuel kapena mzungu wa pansalu uja.

"Sindinamufunse dzina," ankayankha Emelia. "Anali atatopa."