Phulusa Lozizira

Lachisanu, mu Juni. Ndinadzuka ndi chiperoni chili pakhomo, koma thupi langa lili lopepuka ngati ndingathamange mpaka ku Mauwa osapuma. Lero linali tsiku la gulu lathu pa makompyuta.

Aphunzitsi a zaulimi anagwirizana ndi anzawo a sukulu ina ya ku Kadewere kuti makalasi awiri tilembe lipoti limodzi la kasungidwe ka nandolo. Tsamba ndi limodzi, lili pa intaneti, aliyense amalemba ali kwawo. Amene walowamo amaoneka ngati kamzere kothwanima kosenza dzina lake. Aphunzitsi anachenjeza kuti muja si mochezera, chilichonse cholembedwa amachiona.

Makompyuta ndi ochepa, tinapanikizana pa benchi. Foni ya aphunzitsi, yomwe imatigawira intaneti, anaiika pawindo chifukwa netiweki imakonda pomwepo. Tsamba litatseguka, timizere ta a ku Kadewere tinayamba kutulukira. Mnzanga wa pambali analemba "odi" asanalowe m'ndime ya eni, kalasi yonse kuseka.

Ine sindinaseke. Kamzere kobiriwira kanali ndi dzina la mnzanga wa ku pulayimale. Tinakulira khonde limodzi, mpaka mayi ake anasamukira ku Kadewere tisanayambe folomu wanu. Chichokereni, ngakhale moni wotumiza pa munthu. Ndinkangoti anapeza anzake ena, ine anandiiwala.

Ndimupatse moni bwanji aphunzitsi ali kumbuyo kwanga? Ndinapita pa ndime ya phulusa, pamene wina analemba kuti nandolo wouma amasakanizidwa ndi phulusa kuti asafumbwe. Ine ndinaonjeza kuti: Phulusalo liyenera kukhala lozizira.

Tili aang'ono, mayi a mnzangayo anatituma ntchito imeneyi. Ife pofulumirira kukasewera fulaye tinatapa phulusa lapamoto, thumba linabooka, nandolo anamwazika bwalo lonse.

Kamzere kobiriwira kanali pamwamba, osasuntha. Mtsikana wotsatira anayamba kundigunda ndi chigongono kuti nthawi yanga yatha. Ndinamupempha chonong'ona kuti andilole pang'ono, ndimusesera gawo lake Lolemba. Kenaka kamzere kaja kanatsika, kanatsikanso, n'kudzaima pamapeto pa chiganizo changa. Kanafufuta mpumiro. Zilembo zinayamba kubadwa chimodzichimodzi: chifukwa lotentha limaboola thumba, ndipo ana awiri amatola nandolo mpaka dzuwa kulowa.

Ndinaseka mpaka misozi, mutu pa desiki. Aphunzitsi anawerama n'kuwerenga mokweza.

"Mwaona? Uyu wayamba, wa ku Kadewere wamaliza. Kugwirizana kumene ndimanena ndi kumeneku. Koma za ana awirizi, umboni wake uli kuti?"

"Ulipo, aphunzitsi," ndinatero, ndikulephera kupuma.

Ndisanalembe china, foni ya pawindo inathima, tsamba linauma. Ena anadandaula. Ine njira yonse yobwerera ndimangodumpha timiyala, mpaka mayi ogulitsa zitumbuwa anandifunsa ngati ndakhoza mayeso.

Nyumba ya mnzanga uja sindiidziwa, koma mayi ake amadziwika paliponse ndi kuseka kwawo. Mawa ndilawirira kuchapa, ndikagwada kwa amalume kuti andibwereke njinga, ndipite ku Kadewere ndikafunse.