Asilikali Amene Anandilondera Mpunga

Lemba mmene ndikunenamu, usakometsere. Wafunsa za chithunzi chili pamwamba pa kabaticho, kuti bwanji asilikali ena alibe nkhope. Ndi mbalame zimenezo, mwanawe.

Chinabwera ndi azakhali ako aja ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Zomba. Abwana awo posamuka anawasiyira ndowa, ketulo yodontha ndi chithunzichi. Si cha kamera ayi, munthu anachita kupaka penti ndi dzanja, ukachikhudza chimakhakhala. Asilikali ali pamzere, mfuti paphewa, zipewa zazikulu ngati malichero, akuyenda pouma gwa, fumbi lokhalokha ndi timitengo taminga tonga nkhadze. Iwe ndi foni yakoyo ukuti ndi ku Mekisiko. Chabwino. Ife kalelo sitinkadziwa.

Kwathu kuno chithunzi cha pakhoma chimakhala cha m'bale kapena cha kutchalitchi, ndiye mlendo aliyense ankafunsa kuti wachibale ndi uti pamenepa. Agogo ako aamuna anatopa n'kuyankha kuti palibe. Tsiku lina anangoloza wandevu wakutsogoloyo, amvekere, "Amalume anga awo." Basi, kuyambira pamenepo ankachipukuta Lamulungu lililonse asanapukute nsapato.

Chaka chomwe agogo akowo anathyoka mwendo atagwa ndi njinga ya matemba, puloti yathu ya kusikimu ya Likangala inanditsalira ndekha. Ana onse kusukulu. Mpunga utangoyamba mkaka, mpheta zinabwera ngati utsi. Ukakuwa uku, zatera uko. Mawu anandithera, ndinkangoti haa, haa, ngati bakha wamphongo. Mpungawo ukanapita, chaka chonse tikanadya chiyani? Anzanga ankapachika nsanza pamitengo kuti mbalame ziziopa. Ine ndinati, nsanza zilibe mfuti.

M'mawa mwake ndinatsitsa chithunzi, n'kuchisenza.

"Mayi, amalume mukupita nawo kuti?" agogo ako anakuwa ali gone pamphasa.

"Kuntchito, bambo. Akhala pakhoma mokwanira."

"Bwezani msanga! Anthu atiseka!"

"Dzukani mudzandilande."

Ndinakachimangirira pamtengo m'mbali mwa puloti. Mbalame zinaopadi, dzuwa mpaka kufika apa. Kenako imodzi inatera pafelemu, kuyang'ana mfuti zija, n'kudzithandiza pachipewa cha amalume. Zinzake zinatsatira. Ndinangokhala pansi m'matopemo, misozi ili m'njira.

Koma kunayamba kubwera anthu. Woyamba anali mayi wa puloti yoyandikana ndi yanga.

"Asisi, aganyu anu ndi a boma chaka chino?" Anayandikira akuseka, kenako anachiyang'anitsitsa. "Iii, koma apa ndi panyanja pathu pompano, chaka chija inauma! Phiri ilo si la pachilumba cha Chisi?"

Bambo wina wogula nsomba, wa kofia yoyera, anatsika panjinga. "Chisi wake uti? Chisi sichisongoka chonchi. Ine ndinakafikako wapansi nyanja itauma, sindinakumane ndi msilikali."

"Mukanawaona bwanji, maso ali pansi kutola milamba m'matope?" mayi uja anabweza.

Mbiri inawanda mpaka kwa Kuntumanji. Anthu ankasiya mapuloti awo kudzatsutsana pa anga. Ena akuti awa ndi makolo athu akuchokera ku Mozambiki. Ena akuti bodza, makolo athu nsapato anazitenga kuti? Amayi ena anayenda mtunda wonsewo kungofuna kuona ngati mphuno ya amalume ikufanana ndi ya agogo ako, ndipo anabwerera atakhutira. Kukuwa, kulozana, kuwomba m'manja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mpheta yake iti ingatere paphokoso lotero? Zonse zinasamukira kumapuloti a otsutsanawo. Ine phee pamthunzi, kuchiritsa kukhosi. Mkangano ukafuna kuzirala ndinkangoponyako kuti, "Komatu ena akuti phirilo ndi la Mulanje." Ayambirenso!

Ndinakolola, mwanawe, matumba mpaka kusowa popondapo kuchipinda. Chithunzi ndinabwera nacho chitafwifwa ndi dzuwa, penti itamatuka m'mene mbalame zinkasiya mphatso zawo. Ndinachiimika patsogolo pa agogo ako, iwo ali ndi mbale ya mpunga watsopano pamwendo wabwinowo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Amalume nkhope yatha," anatero.

"Nanga mpungawo ukukoma?"

Anatafuna, anameza, anatapanso wina.

"Chaka chamawa mupite nawonso, mayi. Koma muwamangire kadenga, ndi munthu wamkulu uja."