Waya wa Mabatire Awiri

Nthawi ya nkhondo ya ufulu ku Mozambique ndinkatsuka kagalimoto kofiira ka Mpwitikizi wogula thonje ku Cuamba. Kuseri kwa mipando yake iwiri kunali mabatire awiri, chonsecho lole yonyamula thonje inali ndi limodzi. Zinkandisowetsa mtendere. Tsiku lina ndinachotsa waya wolumikiza mabatirewo kuti ndione ngati limodzi lingakwane. Ndisanayese n'komwe bwana anatulukira, waya ndinauponya m'thumba.

Ankafuna kutsatira asilikali opita ku Mandimba, koma galimoto osalira.

"Achita izi ndi zigawenga za m'tchire zija, eti Saide?"

"Ndi zomwezo, bwana," ndinayankha, waya ukundibaya pantchafu.

Ufulu utabwera, anthu anayamba kunena kuti galimoto ija ndinaiwononga dala pothandiza omenyera ufulu mobisa. Mpaka lero sindinatsutsepo. Ndimangoweramitsa mutu ngati munthu wodzichepetsa.