Mpongozi wanga ali pakati pa ochemerera

Anzanga, munaonapo munthu akuchemerera mpira umene unaseweredwa iye asanamere imvi?

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi, mwana wanga Limbani, amene amakonza ndege ku Al Garhoud, anakhaliranso TV m'nyumba mwathu muno mu Hor Al Anz, kudziko la Aluya kuno. Mpira wake ndi wa ku Amereka, wa timu ya koleji imene ankaphunzirako kalekale. Mpirawo ngati lambe, osewera avala zisoti ngati akabaza, ntchito kugwetsana n'kuunjikana. Chithunzi chake mbuu, chakalamba kuposa ine.

"Bambo a Tadala, lero awina?" ndinamuseka.

"Ayi amayi, chaka chimenecho tinkangoluza."

"Nanga ukudzizunziranji? Khalas, basi, zimitsa, mwana adye."

Nditatenga rimoti anandigwira dzanja. "Dikirani amayi. Akubwera."

Kamera inasiya osewera n'kuloza ochemerera. Pakati pa azungu, mtsikana wakuda, chitenje atamanga pamwamba pa jekete, akudumpha, kukamwa yasa! Nambewe. Mpongozi wanga, amene tinamuika chaka chatha kwathu ku Dedza. Kuphethira kamodzi, wapita.

"Tili pachibwenzi sitinkajomba," anatero Limbani. "Masewero onse a chaka chimenecho ndawafufuza. Amaoneka pano pokha." Kenaka ananyamula mwana wake. "Tadala, uyu ndani?"

Mwana anayang'anitsitsa. "Anti aja akuzizidwa?"

Bambo ake anabwezera m'mbuyo, n'kubwezeranso. Akuopa kuti mwanayu aiwala nkhope ya mayi ake, ndipo wayamba kale.

Kwathu mwana wamasiye saiwala msanga. Azakhali amuuza kuti mayendedwe awa ndi a mayi ako. Wogulitsa tomato pamsika amuuza kuti mayi ako ankanenerera mpaka wogulitsa kulira. Manda ali pafupi, munthu umalozera. Mudzi wonse umamusungira mayi ake, aliyense kachidutswa kake.

Kuno bwanji? Munabwera ndithu, sindikukana. Munaimba, munatiperekeza ku eyapoti ndi bokosi. Titabwerako, yalla, tiyeni, aliyense ku shifiti yake. Mukakumana ndi Limbani mumakamba za kutentha ndi lendi, dzina la Nambewe mumalilambalala ngati minga. Mumati mukumusungira mtima. Chonsecho munthu akukafuna mkazi wake kwa azungu ogwetsana.

Akulu anati maliro n'kulirana. Sanati kulirana kumathera pa eyapoti.

Lamlungu lija chakudya chinazizira patebulo. Ndinakhala pansi n'kumuuza Tadala mmene mayi ake anapserezera ndiwo tsiku loyamba kwathu, n'kunamizira mbaula. Limbani anaseka mpaka misozi. Koma nkhani zanga n'zochepa, mpongozi wangayo ndinakhala naye pang'ono. Zambiri muli nazo ndinu, amene munkaimba naye kwaya ndi kugwira naye ntchito kuchipatala.

Mukuzisungira yani, mwana wake akumutchula anti?